Ufa wa Pakhadi

Shuanzhu, mwana wanga wachisamba, anadya phala m'mawa, masana anasanza madzi achikasu, dzuwa lisanalowe anali atazizira. Anali ndi zaka zinayi. Kwathu ku Xiaoyushu timangoti nthenda yachangu, chifukwa sipereka ngakhale mpata woti munthu amange hatchi pangolo. Imabwera ndi chisanu, imasankha ana ndi azimayi obereka, ndipo imathamangira kumtima. Bambo ake anamukulunga m'mapesi a mawere, monga timachitira ndi mwana amene sanafike msinkhu wa bokosi, n'kukamusiya kuseri kwa phiri. Ine sanandilole kuwatsatira.

Ndinatsala ndi Xiaoman, wa zaka ziwiri, kamwana kowonda ngati timitengo todyera. Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi ntchito imodzi yokha: kuti mwana ameneyu azituluka m'chisanu chilichonse ali wamoyo. Ulemu, chibale, manyazi, zonsezo ndinaziika kumbuyo. Ndanena poyamba pomwe kuti musadzati ndinakubisirani.

Tinkakhala nyumba imodzi ndi apongozi anga, yokhala ndi ma kang awiri, mabedi a njerwa otenthetsedwa ndi moto wa ng'anjo. Iwo ankagona pa kang ya kummwera, kumene njerwa zimatentha bwino ndipo dzuwa limafika. Ife tinali pa ya kumpoto, kukhoma kumene madzi ankaundana.

"Ndi magazi akwanu, Guizhi," ankatero akukoka kaliwo wawo wautali. "Banja la a Luan silinatayepo mwana wamwamuna iwe usanalowe pakhomo pano."

Bodza lamkunkhuniza! Iwo eni anataya awiri kuseri kwa phiri lomwelo, mudzi wonse unkadziwa. Koma mwamuna wanga Fengshan anali munthu woti amayi ake akatsokomola, iye ndiye amapepesa. Ankangoti, "Asiye, ndi akuluakulu," n'kutuluka kukaona nkhumba.

Ndiye panali mlamu wanga Fengqin, mlongo wake wa Fengshan. Ameneyo anakwatiwa ndi Pei, wogwira ntchito ya njanji pasiteshoni, ulendo wa ola limodzi kuchoka kwathu. Anthu a njanji salima. Ali ndi khadi, ndipo mwezi uliwonse amakatenga ufa kusitolo, ufa wobwera pasitima kuchokera kutali. Khadi imeneyo Fengqin ankainyadira ngati anabadwa nayo m'manja. Anali ndi mwana wamwamuna, Baogen, wamkulu kwa Xiaoman ndi chaka chimodzi, ndipo Shuanzhu atapita, apongozi anaika mtima wawo wonse pa iyeyo. Pei nayenso ankadziwa kogwira: pobwera ankanyamula makala ndi kashuga.

Vuto linali loti ufa wa pakhadi unali wokhalitsa. Unkanunkha chuku, ndipo ukausefa, anankafumbwe ankatsala pasefa akuyendayenda. Pomwe mawere athu a m'dothi lakuda lija, ongochoka kumunda, phala lake linkachita mafuta pamwamba. Chaka chomwe Shuanzhu anafa, Fengqin anabwera ndi thumba pamsana, n'kuliponya pakati pa nyumba.

"Amayi, Baogen akukana ufa uwu. Akangoununkhiza, kulira. Mundisinthitse ndi mawere ndi chimanga chatsopano."

"Tenga, mwanawe," apongozi anatero. "Guizhi, muyezere."

"Nanga wonunkhawu adye ndani?" ndinafunsa.

"Iwe ndi kamtsikana kako. Mwana wamkazi ndi wa eni, adzapita kwa ena. Mawere atherenji mwa iye?"

"Nanga alamuwa si mwana wamkazi? Sanapite kwa ena?"

Fengqin anaseka, kuseka kwake kuja kwa m'mphuno. "Ine ndinabereka mwana wamwamuna, alamu, ndipo wanga ali moyo."

Ndinkafuna kumuthira phala lamoto kumaso. Ndinangoluma mano n'kumuyezera. Kuyambira pamenepo mwezi uliwonse zinali zomwezo. Gawo la mawere ndi chimanga limene ine ndi Xiaoman tinkalandira kumunda wa gulu linkapita kusiteshoni, ife n'kumasefa anankafumbwe. Apongozi ndi mwana wawo ankadya zatsopano, ine ndi mwana wanga tinkaotcha mikate yathuyathu, yotuwa, yowawa kukhosi. Xiaoman ankadya akulira, ine ndikutukwana chamumtima. Zinatero zaka ziwiri, ndipo m'zaka ziwirizo ana asanu ndi awiri a m'mudzi anapita kuseri kwa phiri.

Chisanu cha 1975 chikuyamba, kunabwera madokotala pagalimoto yaikulu. Anatiitanira kusukulu, mayi aliyense ndi ana ake. Apongozi anakana kupita, ati sangakavulire anthu achilendo. Madokotalawo anamvetsera zifuwa za ana, anawameta katsitsi pang'ono kumbuyo n'kuika m'timapepala, ndipo nyumba iliyonse inapereka chimanga chodzaza dzanja. Kenako anati mwana aliyense wolembedwa azimeza kapiritsi kamodzi pamlungu, pamaso pa wazaumoyo wa m'mudzi. Kapiritsi kake, ha! Kochepa kuposa njere ya soya.

Azimayi anzanga atatuluka ine ndinatsalira. Wolemba maina anali mayi wa magalasi, a dokotala Nie, manja awo atang'ambika ndi chisanu ngati athu omwe.

"Adokotala, ndiuzeni zoona. Mwana wanga anamupha ndi magazi anga?"

Anasiya kulemba. "Wakuuzani zimenezo ndani? Ayi, mayi. Tikuganiza kuti ndi dothi. Pali kamchere kena kotchedwa seleniyamu, kamene thupi limafuna pang'ono zedi. M'dothi la kuno mulibe, ndiye m'chimanga ndi m'mawere mwake mulibenso. Mtima wa mwana ukakasowa umafooka, ndipo chisanu chikafika umalephera. Kamchereko ndi kamene kali m'piritsimu."

"Dothi lathu lakudali?"

"Lomweli. Taonani ana a pasiteshoni. Chisanu ndi chimodzimodzi, madzi ndi omwewa, koma sadwala. Amadya ufa wolimidwa kwina. N'chifukwa chake iwo sitikuwalemba."

Ndinayang'ana Xiaoman, amene ankaseweretsa batani la chikhoti changa, masaya ake ofiira bwinobwino. Zaka ziwiri za ufa wonunkha! Akanakhala kuti munalibe munthu m'chipindamo ndikanagwada n'kupsompsona anankafumbwe.

A dokotala Nie anatenganso cholembera. "Luan Xiaoman, zaka zinayi. Aliponso mwana wina amene amadya za m'munda mwanu?"

Ndinamuona Baogen m'maganizo mwanga, atagwira mbale ya phala la mawere ndi manja awiri. Ndinadziwanso kuti ndikamutchula, adzafunsa kuti mwana wa pakhadi akudya bwanji za m'mudzi, nkhani idzafika kwa Fengqin, ndipo thumba lija silidzabweranso. Ndiye moyo wa Xiaoman ndiusiye m'manja mwa kapiritsi kochepa kuposa soya, kamene madokotala eni akewo akuti "tikuganiza"?

"Palibe," ndinatero.

Mwezi wotsatira Fengqin anabwera ndi thumba lake, Baogen ali pambuyo atavala chipewa cha ubweya wa galu. Mwanayo analibe mlandu ndi ine. Anathamangira kwa Xiaoman n'kumupatsa theka la siwiti imene anali ataibisa m'golovesi. Nditaona zimenezo mawu anakwera mpaka pakhosi.

"Alamu, munamva za madokotala aja?"

"Za timapiritsi ta alimi? Ndinamva." Anakutumula chipale chofewa pamapewa. "Ife a njanji sitidwala zimenezo, madokotala anena okha. Ndi nthenda ya anthu auve, ogona ndi nkhumba. Mukanamasamba m'manja, alamu, bwenzi Shuanzhu alipo."

Apongozi anaseka mpaka kutsamwa utsi. Mawu aja anabwerera m'mimba, ndipo anakakhala pansi penipeni. Ndinatenga mbale yoyezera, n'kudzaza mawere mpaka mulu pamwamba, osapungula ngati kale.

"Mwezi wamawa mubweretse wambiri," ndinatero. "Ngakhale wonse. Tauzolowera."

"Taonani, amayi, galu waphunzira kugwedeza mchira," anatero Fengqin.

Apongozi anandiyang'ana chammbali. "Kapena wathiramo mchenga?" Anapisa dzanja m'thumba mpaka m'chigongono, sanapeze kanthu.

Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwo ndinkaudziwa, unkandibwerera ndikamasefa ufa, ndipo ndinkauyankha kuti wanga atakulungidwa m'mapesi, palibe amene anati ngwake. Ndinkadziuzanso kuti si ana onse odya mawere amene amafa, kuti Baogen ndi wonenepa, kuti chisanu chikatha ndidzanena. Lachitatu lililonse Xiaoman ankameza kapiritsi kake, ndipo tsiku lililonse ankadya mkate wotuwa. Ndinkamukakamiza kumaliza ngakhale nyenyeswa.

Pa tsiku lachiwiri la Chaka Chatsopano ana aakazi okwatiwa amabwera kudzacheza kwa makolo awo. Fengqin anafika m'mawa ndi mwana wake. Pei anatsala pantchito. Tinali titaumba timikate ta mawere onanda tokhala ndi nyemba m'kati, dengu lonse, ndipo pakhomo panali mapepala ofiira atsopano. Baogen atavula chipewa, ndinamuyang'ana kumaso. Zikope zake zinali zotupa, nkhope yotuwa, ndipo pokwera pa kang anapumira kaye pakati, akupuma ngati nkhalamba. Nkhope imeneyo ndinkaidziwa. Ndinaionapo kamodzi, masiku atatu ndisanataye mwana.

"Taonani kunenepa mdzukulu wanga!" apongozi anatero akumutsina tsaya. "Mawere a agogo amenewo."

"Si kunenepa kumeneko," ndinatero. "Alamu, mwanayu watupa. Mtengereni kuchipatala lero lomwe. Musamupatse zakudya zambiri, musamutulutse panja. Ndi nthenda ija."

Kwathu m'masiku a Chaka Chatsopano satchula matenda kapena imfa. Ngakhale mbale ikasweka umanena mawu abwino. Ine ndinatchula nthenda yachangu, pamutu pa mwana, patsiku lachiwiri.

Kaliwo wa apongozi ananditera pamphumi. "Lavula! Lavula mawu amenewo, mfiti iwe!"

"Nsanje!" Fengqin anakuwa atakumbatira mwana wake. "Wako anafa, ndiye ukufuna ndi wanga yemwe? Achimwene, mkazi wanuyu mukumumva?"

"Guizhi, pepesa," anatero Fengshan akuyang'ana pansi.

"Ndi mawerewo!" ndinakuwa nanenso. "Mverani, ndi mawere..."

"Mawere akukuwawa mpaka lero? Ndi amayi anandipatsa! Tuluka!"

Anandikankhira kukhitchini n'kutseka chitseko. Ndinaima pafupi ndi ng'anjo, magazi akutsikira m'diso, ndikumva apongozi akumunyengerera. "Idya kena, mwana wa agogo, timuonetse mfitiyo." Timikate timeneti ndi tolemera, munthu wamkulu akadya tinayi amagona. Baogen anadya tisanu. Kenako amalume ake, pofuna kuchotsa tsoka la mawu anga, anatuluka naye panja kukaphulitsa makombola, kunja kukuzizira koti malovu amauma asanafike pansi.

Sipanapite nthawi. Ndinamva Xiaoman akuitana, "Amayi, Baogen akusanza!" Nditatsegula chitseko ndinaona pachipale pali chikasu.

"Fengshan, ngolo! Thamanga ukapemphe ngolo ya gulu!"

Koma apongozi anali atamunyamula kale n'kumugoneka pa kang. "Palibe ngolo pano. Guizhi wamulowetsa ubweya m'chifuwa ndi pakamwa pakepo. Fengqin, singano!"

Ndi mmene akuluakulu ankachitira: amati nthendayi ndi ubweya umene wamera pansi pa khungu, ndiye amabaya pachifuwa ndi pamsana n'kumatokosa timinyewa toyera. Shuanzhu anamuchitanso zomwezo. Ndinagwira dzanja la apongozi, iwo anandiluma. Fengqin anandikoka tsitsi. Fengshan anaima pakhomo ngati chitsa, maso kwa amayi ake, kudikira kuti amuuze chochita. Ndinamumenya mbama, koyamba ndi komaliza m'banja lathu, ndipo m'pamene anathamanga.

Pamene ngolo inkafika, mwanayo anali ndi mabala asanu ndi awiri, manja ake ozizira, thukuta lili pamphumi. Sankalira. Anangoti, "Amayi, pamtima pakundivuta." Fengqin anakwera naye atamufunditsa zofunda zitatu. Anafika naye kuchipatala cha pasiteshoni akupumabe, anamubaya jakisoni, koma dzuwa lisanapendeke anali atapita.

Kumaliro sindinapite, mwana sakhala ndi maliro, komanso akanandipha. Apongozi anasiya kundilankhula, ankangolavula ndikamadutsa. Mudzi wonse unamva kuti mkazi wa Fengshan anapha mwana ndi pakamwa. Ndinawasiya azinena. Zinali zopepuka kuposa zoona zake.

Patatha masiku makumi awiri, masana, ndikudyetsa nkhumba, ndinaona munthu akubwera ndi thumba pamsana. Anali Fengqin. Chikhoti chinali chitamukulira. Sanalowe m'nyumba, anabwera molunjika kukhola n'kutsitsa thumbalo pakati pa ine ndi iye.

"Dokotala wa magalasi uja anabwera kunyumba," anatero. Mawu ake anali ouma, opanda kunyada kuja. "Ankadabwa kuti mwana wa pakhadi wafa bwanji ndi nthendayi. Anandifunsa zimene ankadya. Ndinamuuza. Anavula magalasi n'kukhala pansi."

Ndinapitiriza kuthirira nkhumba chakudya.

"Akuti m'mudzi muno anafunsa mayi aliyense ngati pali mwana wina wodya za m'munda mwake. Akuti anafotokozera mayi mmodzi za dothi, mayi amene anataya mwana wamwamuna. Dzina sanalikumbuke." Anandiyang'ana m'maso. "Guizhi, unkadziwa?"

Ndikanatha kukana. Amayi otaya ana aamuna tinalipo ambiri ku Xiaoyushu.

"Ndinkadziwa."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku limene madokotala anabwera."

"Miyezi itatu." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Unkandiyezera mpaka mulu pamwamba."

"Munatenga chakudya cha mwana wanga zaka ziwiri, alamu. Munati ndinapha Shuanzhu ndi uve."

"Ndinatero. Ndine galu, ndikudziwa. Ukanandimenya ine, ukanandithira chiphe ine! Iye anakulakwira chiyani? Ankabisira mwana wako masiwiti!" Apa mawu anasweka. "Dzina lokha, Guizhi. Ukanangotchula dzina lake, akanamupatsa kapiritsi."

Ndinamva chisoni choti ndikanagwa pomwepo, koma ndikunena zoona, pansi pa chisonicho maso anga anali pathumba lija. Chisanu chinali chisanathe. Ufa wa mwezi watha unali utatsala wa masiku awiri.

Fengqin anaona kumene ndinkayang'ana. Anaseka, kuseka koipa.

"Ukuufuna? Ndakubweretsera. Kwathu kulibenso woukana."

Anasolola mpeni m'thumba la chikhoti, n'kung'amba thumba la ufalo kuchoka kukamwa mpaka pansi. Analinyamula n'kulikutumulira m'khola, pamatope oundana ndi ndowe za nkhumba, akuzungulira kuti ufawo umwazike paliponse. Kenako anaupondaponda ndi nsapato. Apongozi anali atatuluka, ataima pakhomo ndi kaliwo wozima, ndipo anamva zonse.

"Usadzanditchulenso kuti alamu," anatero Fengqin. "Ndikadzafa usadzabwere. Ukadzafa sindidzabwera."

Anatembenuka n'kumapita, osalowa ngakhale kukalonjera amayi ake.

Nkhumba zinali zitayamba kale kunyambita. Ndinalumphira m'kholamo, ndinazimenya ndi chidebe mpaka zinathawira pakona zikulira. Ndinagwada. Ndinayamba kuwola ufawo ndi manja, pamwamba pokha poyamba, kenako ndi wosakanikirana ndi chipale womwe, ndikuika m'chikhoti changa chimene ndinayala pansi. Anthu oyandikana nafe anabwera kudzasuzumira pampanda. Apongozi ankatukwana, mawu onse amene anasunga masiku makumi awiri, kuti ndine njoka, kuti ndinadya mdzukulu wawo, kuti ndifere m'khola momwemo. Sindinadzutse mutu. Zala zinachita dzanzi, zinayamba kutuluka magazi, ine ndikuwolabe.

Ndinauyanika pa kang yathu ya kumpoto, ndinausefa katatu. Unakwana mwezi ndi theka, mpaka chipale chinasungunuka.

Madzulo a tsiku limene ndinauwola m'kholalo ndinaotcha mkate umodzi n'kumupatsa Xiaoman. Anaununkhiza, n'kukwinya nkhope. Kenako anaunyema pakati, theka n'kulibisa m'golovesi.

"Ukuchita chiyani?" ndinafunsa.

"Ndikusungira Baogen."

Ndinamulanda golovesiyo, ndinatulutsa thekalo n'kumuikira m'manja.

"Idya wonse," ndinatero.